Mapu akale a Shire amene mwapeza m'sutikesi ya agogo

Mwandilembera imelo kuti mwapeza mapu a mtsinje wa Shire m'sutikesi ya malemu agogo anu, pali munthu wakunja akufuna kugula, ndiye mukufunsa ngati ndi enieni komanso ngati mugulitse. Achimwene, nkhaniyi yandifika pamtima.

Kwathu ku Nsanje amalume anali ndi pepala lotere, lofiirira, lopindidwapindidwa mpaka mopindamo munayamba kung'ambika, ankalisunga m'Baibulo. Pamalo pa Nsanje panalembedwa Port Herald, ife ana tinkangoseka kuti kumeneko ndi kuti. Amalume atamwalira azakhali anatenga pepala lija nkukutira kope la masamu la msuweni wanga, basi linathera pomwepo. Mpaka pano ndikaganiza mtima umawawa.

Komatu tisanamizane, mapu amenewa sanajambulidwe chifukwa chokonda ife. Livingstone anabwera mu 1858 ndi sitima yake Ma Robert akufuna njira ya malonda pa Zambezi, mathithi a Kebrabasa anamutsekera, ndiye mu Januwale 1859 anakhotera mu Shire. Kumtunda kwa Chikwawa anakumananso ndi mathithi ena nkuwatcha Murchison, dzina la mkulu wa Royal Geographical Society, bungwe loona za malo ndi mapu ku London, munthu woti sanapondeko nkomwe kumeneko, chonsecho Kapichira ndi Mpatamanga mayina analipo kale. Nanga anthu a mabwato amene ankaloza kuti apa mpozama, apa pali mchenga, apa pali mvuu, mwawaonapo pa mapu? Ayi ndithu. Zimandikwiyitsa, komabe pepalalo ndimalifuna, chifukwa Shire wa pamenepo sialinso yemweyo. Mtsinjewu umasuntha, funsani a ku Chiromo madzi akasefukira. Cha m'ma 1915 nyanja ya Malawi inaphwera moti mchenga unatseka potulukira Shire ku Mangochi, madzi anadzayambanso kuyenda bwino cha m'ma 1935. Ndi chifukwa chake ine ndimati kugulitsa mapu otere kunja nkulakwa, tidzayamba kulipira kuti tione mtsinje wathu womwe pa intaneti. Mwina muti ndikulankhula chonchi poti si ine amene ndikufuna fizi ya ana, chabwino, koma maganizo anga ndi amenewo.

Ndiye mutani?

Tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane mizere. Mukaona timadontho tating'onoting'ono tondondozana ndiye kuti ndi kope la posachedwa. Onaninso m'munsi dzina la wojambula ndi chaka. Ambiri anachotsedwa m'mabuku, monga a John Arrowsmith amene anali m'buku la Livingstone la 1865, ndiye musayembekezere mamiliyoni. Osamata selotepi, osapanga lamineti, asungeni kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Wogulayo musamuyankhe kaye, pitani nawo ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre kapena ku National Archives ku Zomba akawaone.