Fayilo ya migration ikutulukira mu site-packages: vuto lili pati?

Wowerenga wina wafunsa pa imelo: "Ndinalemba app ya Django yomwe anthu amaika ndi pip. Ena akayendetsa makemigrations pa pulojekiti yawo, fayilo yatsopano ikutulukira mkati mwa app yanga, mu site-packages. Ndingowauza kuti azipanga okha migration?"

Ayi, musatero. Kupanga migration, fayilo yofotokoza zosintha pa matebulo a database, ndi udindo wanu eni app, iwo gawo lawo ndi `migrate` basi. Fayilo yolembedwa mu site-packages, foda yomwe pip imaikamo ma app, siili mu git yawo, ndiye akaika app pa seva ina siipezekako. Chikhalirecho dzina lake linalowa kale mu tebulo la django_migrations, lomwe limasunga mayina a migration zomwe zayendetsedwa, ndipo tsiku lomwe mudzatulutse migration yanu yachiwiri (0002), mafayilo ndi database sizidzagwirizana.

Kawirikawiri gwero lake ndi DEFAULT_AUTO_FIELD, setting yosankha mtundu wa primary key (nambala yozindikiritsa mzere uliwonse mu tebulo), yomwe inabwera ndi Django 3.2 mu 2021. App ikapanda kunena mtundu wa primary key wake, imatengera wa pulojekiti. Inu munapanga migration yoyamba (0001) ndi AutoField, iwo anasankha BigAutoField, Django n'kuona kusiyana. Mu apps.py, pa AppConfig yanu, lembani `default_auto_field` yofanana ndi zomwe zili mu 0001. Mukafuna BigAutoField, pangani migration yakeyo nokha ndi kuitulutsa pamodzi ndi app.

Zimachitikanso `choices` kapena `max_length` ikamatengedwa ku settings, pakuti pulojekiti iliyonse imakhala ndi zake. ForeignKey ya kwa wogwiritsa ntchito iziloza `settings.AUTH_USER_MODEL`, osati User mwachindunji.

Musanatulutse, tsegulani wheel, fayilo ya app yanu yomwe pip imaika, muone ngati foda ya migrations ilimo pamodzi ndi `__init__.py`. Popanda fayiloyi `find_packages()` imaidumpha fodayo mwakachetechete, ndipo `migrate` siipanga matebulo anu. Migration muzipanga ndi Django wakale kwambiri mwa omwe app yanu imalola, chifukwa watsopano akhoza kulembamo zinthu zomwe wakaleyo sazidziwa. Pa CI, makina omwe amayesa code yanu okha, ikani `makemigrations --check --dry-run`, kamodzi ndi AutoField, kamodzi ndi BigAutoField.

Fayilo yomwe munatulutsa kale musaisinthe, ngakhale dzina lokha. Onjezani ina. Ndipo poti simudziwa database yomwe anthu ali nayo, RunPython, yomwe imayendetsa code ya Python mkati mwa migration, muziyiika mu fayilo yakeyake, yosiyana ndi yosintha matebulo. PostgreSQL imabweza zonse migration ikalephera pakati, koma MySQL imasiya zomwe yachita kale, munthu n'kumakonza pamanja.