Kumapiri m'nyengo ya chipale chofewa, kwa amene sadziwa ski

Achemwali, mwanena kuti inu, bambo a kunyumba ndi ana awiri mukakhala masiku angapo m'mudzi wina wa kumapiri mu Disembala, kumene kumagwa chipale chofewa, ndiye mukufunsa zomwe mungamachite panja poti palibe mwa inu amene anavalapo ski, timatabwa titalitali tomangirira kumapazi totsetserekera pa chipale. Ndaona ena akuyankhani kale kuti popanda ski mwangotaya ndalama. Musawamvere amenewo. Kumudzi wa kumapiri chosangalatsa chachikulu ndi kuyenda pansi, ndipo zimenezo miyendo yanu ikuzidziwa kale. Chongofunika ndi kuivekera zoyenera ndi kudziwa malo osafunika kupondapo.

Musanaganize za masewera aliwonse, ganizani kaye za dzuwa. Cha pa 21 Disembala ndiye pamene usana umafupika kwambiri kumpoto kwa dziko lapansi. Kumapiri ngati a Alps ku Ulaya kumawala maola asanu ndi atatu ndi theka basi, ndipo ngati mudziwo uli m'chigwa, dzuwa limabisala kuseri kwa phiri nthawi ikadalipo. Likangobisala, kuzizira kumabwera msangamsanga, mpaka zala kuyamba kuluma. Choncho ulendo wautali uziyamba m'mawa mukangodya, ndipo pofika 3 koloko masana mukhale mukuona denga la nyumba yomwe mwafikira. Alendo ambiri amalakwitsa pamenepa: amagona mpaka dzuwa litakwera, kutuluka masana, kenako mdima n'kuwapeza ali pakati pa nkhalango ndi ana otopa.

Chomwe ndingakulimbikitseni kwambiri ndi ma snowshoe. Ndi tizipangizo tophwathalala tomangirira kunsi kwa jombo zanu, totalika kuposa phazi, tokhala ndi mano achitsulo pansi pake. Ntchito yake ndi kugawa kulemera kwa thupi pamalo aakulu kuti musamire mpaka m'mawondo. Kutsogolo kwa phazi kokha ndiko kumamangidwa, chidendene chimakhala chomasuka, ndiye poyenda mumamva kuti phaa, phaa kumbuyo kwanu. Palibe sukulu yake. Mphindi zochepa zoyamba mumayenda motang'aza ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza, mukudzipondaponda nokha, koma posakhalitsa thupi limazolowera. Tengani ndodo ziwiri, zija zokhala ndi kambale kumapeto kuti zisalowe pansi. Chinthu chimodzi chokha chimavuta, kubwerera chambuyo. Mukayesa mugwa chagada. Mukafuna kutembenuka, zungulirani pang'onopang'ono. M'malo ambiri ochezerako alendo zipangizozi amabwereketsa, ndipo za ana ziliponso, ndiye musagule.

Koma musapusitsidwe ndi mapu. Mtunda womwe ukuoneka waufupi papepala umadya nthawi. Okwera mapiri ali ndi kawerengedwe kakale komwe anakonza William Naismith wa ku Scotland mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera chitunda. Kawerengedwe kameneka ndi ka munthu wamphamvu woyenda panjira youma. Pa chipale chatsopano chomwe sichinapondedwe, muli ndi ana, ine ndimangochulukitsa kawiri. Woyenda patsogolo ndi amene amatopa kwambiri chifukwa ndiye akuswa njira, choncho inu ndi bambowo muzisinthana, ana azitsata m'mapazi mwanu.

Ana mukafuna kuti asadandaule, apatseni ntchito yofufuza mapazi a nyama. M'mawa wotsatira usiku womwe kwagwa chipale, pansi pamakhala polembekalembeka. Kalulu amasiya chizindikiro chosavuta kuchidziwa: mapazi awiri aatali ali patsogolo moyandikana, tiwiri tating'ono tili kumbuyo motsatizana. Aataliwo ndi a miyendo yakumbuyo, chifukwa podumpha amaiponya kupitirira yakutsogolo, ndiye mwana akaganiza kuti kaluluyo analowera uku, amakhala kuti analowera uko. Nkhandwe imayenda mzere umodzi wowongoka, phazi lakumbuyo likuponda ndendende pomwe lakutsogolo lachoka. Galu wa pamudzi ndiye amangoyenda mokhotakhota, kununkhiza apa ndi apo. Mukaiona nyama yeniyeniyo, imani patali. M'nyengo imeneyi nyama zimakhala ndi mafuta owerengeka m'thupi, ndipo kuthawa m'chipale chakuya kumazithera mphamvu zomwe sizingabwezeretse. N'chifukwa chake m'maiko ena, monga Switzerland, muli madera omwe amaletsa anthu kuchoka panjira m'miyezi yozizira.

Kachileyi kotsetserekera ndiye ana adzakakonda kuposa zonse, ndipo akuluakulu amene amayamba ndi manyazi ndi omwe amakana kuchokapo. Sankhani mtsetse womwe kumunsi kwake kuli bwalo lathyathyathya lalitali, kopanda msewu, mtengo, mpanda kapena mtsinje. Khalani chokhala, miyendo patsogolo, osati chafufumimba mutu patsogolo. Mabuleki ake ndi zidendene. Ana avale chisoti cholimba, ndipo pokwera kubwerera pamwamba aziyenda m'mbali, osati pakati pomwe anzawo akutsikira.

Ngati mtima ukufunabe kulawa ski, yesani ija yoyendera pamalo athyathyathya, yomwe imakhala ndi tinjira tiwiri tokumbidwa kale ndi makina. Imaphunzirika msanga kuposa yotsika mapiri, ndipo ukagwa sugwera patali. Thukuta lokha ndiye konzekerani.

Pa nkhani ya thukutayi ndiime pang'ono, chifukwa ndi pomwe pagona ngozi imene anthu saiganizira. Munthu wochokera kotentha amavala chijekete chimodzi chokhuthala, pansi pake malaya a thonje. Akayamba kukwera chitunda amatuluka thukuta, thonje limamwa madziwo n'kuwasunga pakhungu, ndipo akangoima kuti apume, mphepo imamulowa mpaka m'mafupa. Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza: chamkati cha ubweya kapena cha nsalu youma msanga, juzi pakati, kunja jekete yotchinga mphepo ndi madzi. Ponyamuka muzimva kuzizira pang'ono. Mukatenthedwa vulani chimodzi musanayambe kutuluka thukuta, mukaima valaninso nthawi yomweyo. Masokosi ndi magolovesi apadera akhale m'chikwama, makamaka a ana, poti iwo sachedwa kunyowetsa. Kumbukiraninso kuti mukamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, ndiye zomwe mukumva pakhomo si zomwe mukazipeze pamwamba. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35 ndi matenda kale. Mwana akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mokoka lilime, kupunthwapunthwa kapena kungokhala duu mosazolowereka, bwererani pompo. Chala kapena khutu likayera n'kuchita dzanzi, musalitikite. Lifunditseni kukhwapa, ndipo mukafika kunyumba liviikeni m'madzi ofunda, osati otentha. Mowa nawo ndi wabodza, umakupatsa kutentha pakhungu uku ukutaya kutentha kwa mkati. Fulasiki ya chakumwa chotentha ndiyo imathandiza.

Magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu musasiye, ngakhale khungu lathu ndi lakuda. Chipale chatsopano chimabweza mpaka 80 peresenti ya cheza cha dzuwa chowotcha chija, ndipo maso akapsa nacho, usiku wake umamva ngati muli mchenga.

Tsopano za chigumukire cha chipale. Sindikufuna kukuopsezani, chifukwa mukamayenda m'njira zoikidwa zizindikiro ndi zotsegulidwa, nkhawa ndi yochepa. Vuto limabwera munthu akaona phiri loyera bwino lopanda phazi la munthu n'kufuna kukajambulitsa pomwepo. Zigumukire zambiri zimayambira pamitsetse yopendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo pangozi zambiri amene amachiyambitsa ndi wokwiriridwayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo. Ku Ulaya, kuyambira 1993, amagwiritsa ntchito muyeso umodzi wa ngoziyi, kuchokera pa 1 kufika pa 5, ndipo m'madera a mapiri amalengeza tsiku ndi tsiku. Nambala 3 imaoneka ngati yapakatikati, koma pafupifupi theka la anthu omwe amafa, amafa pa masiku a 3, chifukwa pa 4 ndi 5 ambiri amachita mantha n'kukhala kunyumba. Wokwiriridwa akafukulidwa m'mphindi 15 zoyamba mwayi wopulumuka umakhala waukulu, zikadutsa pamenepo umatsika mofulumira kwambiri. Ndiye chikwangwani chikati njira yatsekedwa, yatsekedwadi, ngakhale muone mapazi a ena atadutsa. Mukafuna kupita kutali, lipirani wolondolera alendo wovomerezeka.

Nyanja kapena dziwe loundana, ine ndingati ingoliyang'anani muli pamtunda, pokhapokha eni dera atalitsegula okha. Kuti munthu ayendepo pamafunika madzi oundana oonekera bwino okhuthala masentimita osachepera 10, ndipo pomwe mtsinje ukulowera kapena kutulukira pamakhala popyapyala ngakhale kwina kuli kolimba. Mlendo sangazidziwe zimenezi ndi maso.

Usiku musathamangire kugona. Kumudzi kulibe magetsi ambiri, ndipo mpweya wozizira umakhala wouma, ndiye nyenyezi zimaoneka zambirimbiri. Ngati mudzakhalako cha pa 13 ndi 14 Disembala, ndi masiku omwe nyenyezi zothothoka zotchedwa Geminids zimachuluka. Zimitsani tochi, dikirani mphindi ngati makumi awiri kuti maso azolowere mdima, ndipo pondani pa thabwa kapena katoni kuti kuzizira kusalowere kumapazi.

Eni nyumba yomwe mwafikira muwagwiritse ntchito, achemwali. Iwo amadziwa njira yomwe imawombedwa ndi dzuwa m'mawa, mlatho womwe umaterera, ndi mtsetse womwe ana a m'mudzimo amaseweretsapo zileyi. Tsiku lililonse muziwauza komwe mukupita ndi nthawi yomwe mubwere. Foni muziisunga m'thumba lamkati pafupi ndi thupi chifukwa batire limatha msanga likazizidwa, mapu muwatsitsiretu poti netiweki m'zigwa imasowa, ndipo nambala ya opulumutsa anthu muilembe papepala. M'maiko a European Union ndi 112. Ngati mukubwereka galimoto, funsani ngati ili ndi matayala a nyengo yozizira komanso matcheni a kumatayala oletsa kuterera, ndipo muyesere kumanga matcheniwo pabwalo masana, manja akadali ofunda.