TV ikamazima mvula ikagwa, yambani mwaona dishi ndi chingwe

Bambo wina wa ku Chawama watilembera imelo. Akuti kumwamba kukangoda, TV yawo imayamba kudukizadukiza, kenako imalemba kuti palibe siginolo, pomwe ya anansi awo ikuonetsa bwinobwino. Akufunsa ngati setilaiti imasuntha m'nyengo ya dzinja, komanso ngati agule dikoda ina.

Bambo, ndalama ya dikodayo muyambe mwaisunga. Setilaiti za TV zili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator. Pamtunda umenewo zimazungulira kamodzi patsiku, mofanana ndi dziko lenilenilo, choncho kwa ife zimaoneka zili malo amodzi chaka chonse. N'chifukwa chake dishi amaimanga kamodzi basi. Kuno ku Lusaka tili kummwera kwa equator, ndiye dishi imayang'ana chakumpoto. Setilaiti za Eutelsat za pa 36°E zili pafupifupi madigiri 70 kuchokera pansi, kumpoto chakummawa pang'ono. Intelsat 20 ya pa 68.5°E ili mmunsi, pafupifupi madigiri 41, ndipo yapendekera kwambiri kummawa.

Chimene chimasintha m'dzinja ndi njira imene siginolo ikudutsamo. TV za dishi yaing'ono zimagwiritsa ntchito Ku band, kuyambira 10.7 mpaka 12.75 GHz, ndipo madontho a mvula amamwa ndi kumwaza mafunde amenewa. Chimvula chamkuntho chimazimitsa dishi iliyonse kwa mphindi zingapo, ndipo pamenepo palibe chochita. Koma inu mwanena kuti ya anansi anu imagwira. Zikatero, dishi yanu ikulandira siginolo yongokwanira kunja kukakhala kowala, ilibe yotsala yolimbana ndi mtambo.

Tsiku lopanda mitambo, tsegulani menyu ya dikoda muone manambala awiri, strength (mphamvu ya siginolo) ndi quality (ubwino wa siginolo). Wofunika ndi quality. Strength imatha kukhala pamwamba ngakhale dishi italoza pena, chifukwa imawerengera ndi mafunde osokoneza omwe. Quality ikakhala yotsika dzuwa likuswa mtengo, dishi yasuntha. Mphepo ya mu Ogasiti imachita zimenezi kawirikawiri, makamaka dishi ikamangidwa pa thabwa la denga kapena pa khoma la mabuloko osalimba. Lembani chizindikiro pamene ili, masulani mabawuti pang'ono chabe, muisunthe ndi mamilimita ochepa, n'kudikira masekondi angapo kuti nambala isinthe. Wina akhale pa TV azikuuzani. Digiri imodzi kapena ziwiri n'zokwanira kuwononga chithunzi. Pomanga, limbitsani mabawuti mosinthanasinthana, chifukwa mukamaliza mbali imodzi yokha dishi imakokeka.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama pachabe. Zimitsani dikoda pakhoma musanagwire chingwe, popeza imatumiza magetsi a 13 kapena 18 volts kupita ku LNB, kachipangizo kali kutsogolo kwa dishi kaja. Masulani F-connector, kachitsulo kolumikizira chingwe ku LNB, muyang'ane m'kati. Waya wamkuwa wapakati ukakhala wakuda kapena wobiriwira, ndipo timawaya tam'mbali tikuyoyoka ngati phulusa, madzi analowa kale. Dulani chingwe mpaka pamene mkuwa ukuwala, ikani connector yatsopano, kawaya kam'mbali ngakhale kamodzi kasakhudze wapakati. Kulungani ndi self-amalgamating tape, tepi wa labala womatirirana yekha amene salowa madzi. Tepi wamba wa magetsi amamatuka ndi dzuwa. Chingwe chikhale cha mtundu wa RG6, ndipo chisanalowe m'nyumba chizitsika pang'ono n'kukweranso, kuti madzi azidonthera panja. Onaninso kachivundikiro kapulasitiki ka LNB. Kakang'aluka, sinthani LNB yonse, kumata sikuthandiza.

Musaiwale mitengo. Mango amene anali aafupi pomanga dishi mwina pano afika panjira ya siginolo, ndipo masamba onyowa amatchinga kuposa ouma. Dishi zambiri ndi za offset, zimaona pamwamba kuposa pamene nkhope yake yaloza, choncho nthambi yovutitsa ikhoza kukhala yomwe simukuiganizira.

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, ganizirani kukula kwa dishi. Ya masentimita 90 imatola siginolo yoposa kuwirikiza kawiri ya masentimita 60, ndipo ife timalangiza imeneyo kwa aliyense amene akumanga yatsopano. Dikoda muikayikire pomalizira. Itengeni mukailumikize pa dishi ya anansi anu, ngati ikuloza setilaiti yomweyo. Ikakagwira bwino kumeneko, itanani wokonza madishi wokhala ndi mita yoyezera siginolo, ndipo akuonetseni nambala ya quality asanatsike padenga.