Duwa lofiira la pamiyala ili ndi chani?

Funso: Ba mkonzi, kumapiri njira ya ku Kafue ndinaona duwa pakati pa miyala, lofiira kunsonga chikasu pansi, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Ndingabzale pakhomo? Mayi wa ku Chilenje

Yankho: Amayi, limenelo ndi flame lily, asayansi amati Gloriosa superba, duwa loimira dziko la Zimbabwe, limachita maluwa nthawi ya mvula. Kuti mutsimikize yang'anani nsonga za masamba, zimapotana ngati kachingwe nkumakola udzu kapena tchire kuti likwere, ndiye chizindikiro chenicheni chimenecho osati mtundu chabe. Kubzala mutha, koma chomera chonse ndi poizoni, makamaka kambatata kake kapansi muli poizoni wotchedwa colchicine, anthu anafapo atakayesa chilazi. Ngati pakhomo pali ana aja otola chilichonse nkuika mkamwa, lisiyeni kuphiri komweko.