Mng'ono wanga akumutcha wakupha chifukwa chokana katemera

Mayi wina wanditumizira imelo. Mng'ono wake anakana kubayitsa mwana katemera wa chikuku, wina n'kujambula zomwe analemba pa WhatsApp n'kuziponya pa Facebook. Tsopano anthu akumutcha wakupha. Funso lawo ndi ili: "Ndikudziwa kuti walakwa, koma kumunyoza chonchi n'koyenera?"

Mayi, si koyenera, ndipo ndikutero ngakhale katemera ndimamukhulupirira ndi mtima wonse. Chikuku chimafala ngati moto wolusa, moti pamafunika ana pafupifupi 95 pa 100 alionse abayidwe kuti chisabuke. Mwanayo alidi pachiopsezo, pamodzi ndi makanda amene msinkhu wobayira sunakwane.

Koma tamvani za ku Samoa, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific. Mu 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa, chifukwa anamwino anasungunula katemera ndi mankhwala ena m'malo mwa madzi. Makolo ambiri anasiya kubayitsa. Pakutha pa 2019 chikuku chinabuka n'kupha anthu 83, ambiri mwa iwo tiana. Makolo amenewa sanali mbuli. Anaona maliro, mantha n'kuwagwira.

Munthu wamantha mukamukuwiza pagulu sasintha maganizo, amangobisala. Amazimitsa foni, kusikelo amasiya kupita poopa maso a anthu, ndipo omulandira ndi manja awiri amatsala omwe aja omuuza kuti katemera ndi poizoni. Nthawi ya COVID-19 pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Reddit panali anthu oseka okana katemera amene amwalira. Ndimaganizabe za ana amasiye amene tsiku lina adzaona nkhope ya bambo awo ikusekedwa, mtima umandipweteka.

Ukali wanga ndimasungira ena. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani yoti katemera wa MMR (woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella) akukhudzana ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Zinali zabodza. Mu 2010 nkhaniyo inachotsedwa, iye n'kuletsedwa kugwira ntchito ya udokotala ku Britain, koma bodzalo likuyendabe. Anthu odyera pa mantha a anzawo ngati ameneyu atsutsidwe poyera. Mng'ono wanu ndi mmodzi wa onamizidwawo.

Mupiteko nokha, osati pafoni. Mumufunse chimene akuopa kwenikweni, ndipo mumusiye amalize kulankhula. Mwina mwana anatentha thupi usiku wonse atabayidwa koyamba, popanda womufotokozera kuti zimachitika ndipo zimatha. Kenako mumupemphe mupite limodzi kwa namwino, mwanayo mubereke inuyo. Amene anaponya chithunzi uja mumuuze achifufute lero lomwe.