Msuweni, funso lako ndalimva

Halo, msuweni... dikira nditseke chitseko, ana akusokosa. Eya. Ndaona zimene wafunsa pagulupa, zoti pakati pa Baibulo ndi mabuku a Ahindu, odalirika ndi ati. Iwe? Iwe amene unkagona mu Sande sukulu mpaka dovu kuyenderera pabenchi, lero wasanduka wofufuza mipukutu? Hehe. Chabwino, ndiyankha.

Chipangano Chatsopano chili ndi mipukutu ya Chigiriki yolembedwa pamanja yoposa 5,000, ndipo kachidutswa kamene amati n'kakale zedi, ka Yohane 18, akukasunga ku Manchester, ku England. Alaliki nambala imeneyo amaikonda. Koma yambiri mwa mipukutuyo inakoperedwa patapita zaka mazanamazana, ndipo mathero a Marko 16, vesi 9 mpaka 20, m'mipukutu ina yakale kwambiri mulibe. Kwa Ahindu ndi zina. Rigveda, buku lawo lakale la nyimbo 1,028, sankadalira pepala, ankaloweza pamtima, mphunzitsi kupatsira mwana liwu ndi liwu, ndi kamvekedwe kake komwe. Nanga Gita, buku lawo lina... mavesi 700, mulungu wawo Krishna akulangiza msilikali Arjuna nkhondo isanayambe. Ahindu ambiri sagona tulo n'kufunsa kuti zinachitika chaka chanji. Ife Paulo anatimangirira pa 1 Akorinto 15, kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe. Ndiye ngakhale kukangana kwake, aliyense amakhala akuyankha funso lakelake.

Koma iwe, amalume aku Matero ukuwakumbukira? Ayi, si amalume a njinga aja, ndikunena akulu, a lumo m'thumba la malaya. Ankadula nsalu mu sitolo ya Mmwenye ku Kamwala. Tsono a Chiluba atalengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, iwo anasita jekete, Buku Lopatulika m'khwapa, ulendo wa kuntchito. Akuti atangolowa analiika pakauntala, pafupi ndi kachithunzi kaja ka abwana kofukizira lubani, n'kunena kuti, "Bwana, boma lanena, tsopano mutembenuka basi." Mkulu uja sanakwiye. Anangotsinzina n'kuyamba kuimba mavesi a Gita pamtima, opanda buku, makasitomala ali chiimire ndi zitenje m'manja. Atamaliza akuti, "Nanunso tsekani lanulo, mundiuze."

Eee! Amalume anabwera kunyumba nsima osaikhudza. Usiku womwewo anayamba kuloweza Salimo 119. Mwa masalimo onse, kusankha la mavesi 176! Ife ndiye tinavutika, amatikhazika pamkeka, mmodzi kugwira buku, iwo akulakatula, akaphonya n'kumati tawerenga molakwa ndife. Amayi ako amathawira kukhitchini, akafunse, adzaseka mpaka misozi. Amalume salimolo sanalimalize, koma mkangano ndi abwana awo sunathe, tsiku lililonse pa tiyi wa m'mawa, uyu za kubadwanso m'thupi lina, uyu Ahebri 9 kuti munthu amafa kamodzi. Diwali, chikondwerero cha Ahindu choyatsa tinyale, ikafika abwana amawapatsa bokosi la maswiti aja achikasu, amalume n'kuwapempherera kawiri, kenako kudya okha, ife kutinyenyera. Ndipo paja maliro a azakhali, lole inatinyamula kupita ku Katete ija unkaganiza inachokera kuti? Nsalu zonse zija? Palibe anatembenuza mnzake mpaka mkulu uja anamwalira, ndipo amalume anapita kukaperekeza, anabwerako akudandaula za kuwotcha mtembo sabata yonse.

Hmm... ndimati chiyani? Eya. Msuweni, tisanamizane. Chithunzi chija unaika pa WhatsApp mwezi watha... ayi, sabata yathayi, chija unachotsa msanga, tinyale tija tadothi pakhonde, ndi phewa la munthu kumbali. Phewa limenelo si la m'bale wathu. Ndiye funso lako si la mipukutu. Ukufuna ndikupatse nambala zoti ukaponye pamaso pa amayi akayamba kufunsa kuti mnyamatayo amapemphera kuti. Kapena ukufuna zokamugonjetsera iyeyo, kuti abatizidwe chinkhoswe chisanafike. Zonse ziwiri sizigwira. Mipukutu ingakuuze kuti mawu anasungidwa bwino, koma singakuuze kuti ana ako adzapita kuti Lamlungu, kapena ngati nyama ya ng'ombe idzalowa mumphika mwako.

Ukundimva? Nambala ndakupatsa, zisunge, koma amayi ako ndi a chigwirizano, sadzafunsa za Manchester. Adzafunsa za ana, za ukwati wa kutchalitchi, ndi zoti kwawo kwa mnyamatayo akukufuna kapena ayi. Zimenezo kambirana naye iyeyo poyamba, pamaso, osati pafoni. Funsa iye, osati ine, osati gulu lino lodzaza ndi azakhali amene pano akumvetsera uthengawu mwakachetechete. Moni azakhali, ndakuonani.

Ndibwerezenso chifukwa mutu wako ndimaudziwa: usakatsegule mkangano wa mabuku, kakhale naye pansi umufunse za ana. Loweruka ndili ku Kamwala kugula nsalu za yunifomu, undipeze cha m'ma 10, ubwere nayenso mwini phewa ndimuone. Ndipo ngati maswiti aja atsalako usadye wekha. Foni ikuzima iyi, magetsi anapita m'mawa.