DIN kapena yoke: mugule regulator iti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo kuchokera ku Johannesburg. Wangomaliza maphunziro oyamba osambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, ndipo atapita kukagula regulator yake, chida chimene amapumira nacho mpweya wa m'silindamo, wogulitsa anamufunsa kuti, "DIN kapena yoke?" Imeneyi ndi mitundu iwiri ya kalumikizidwe ka regulator ku valavu ya silinda. Iye amasambira m'nyanja yamchere ku Sodwana Bay, ku South Africa komweko, ndipo akabwera kumudzi amapita ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear. Funso lake ndi loti agule iti.

Achimwene, gulani ya DIN yolembedwa 300 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa), muwonjezerepo adapter ya yoke, chitsulo cholola regulator ya DIN kumangika pa valavu ya yoke. Nkhani yonse yagona pa kalabala kamodzi kozungulira, kotchedwa O-ring, ndi pamene kamakhala.

Yoke, imene ena amaitcha A-clamp kapena INT, ili ndi chitsulo chonga goli chimene mumaveka pamutu pa valavu, n'kumanga sikulu yakumbuyo ndi zala. Kalabala kamakhala pa valavu ya silinda, poyera, ndipo mlomo wa regulator umangokapanikiza. Mlomo wa valavu ukakhala wobenthuka, kapena goli likakhala mopendekera, mpweya umakankhira kalabalako kunja. Mumamva phu! kenako fwiii. Kawirikawiri zimachitika m'boti potsegula valavu, koma zingachitikenso pansi pa madzi mukagunditsa mutu wa silinda pa thanthwe. N'chifukwa chake yoke imathera pa 232 bar.

DIN ndi dzina la bungwe loona za miyezo ku Germany. Regulator yake ili ndi mazinga a G5/8, ndipo mumailowetsa m'kati mwa valavu ngati bauti. Kalabala kamakhala kunsonga kwa regulator yanu, ndipo mukamanga, chitsulo chimakazinga mbali zonse, kalibe kothawira. Chimene ndimachikonda kwambiri n'choti kalabalako ndi kanu, mukudziwa tsiku limene munakasintha. Pa yoke mumadalira ka silinda yobwereka, imene yapsa ndi dzuwa ndi kugubuduzika mumchenga m'manja mwa anthu ambirimbiri.

DIN ilinso pawiri. Valavu ya 232 bar ili ndi mazinga 5, ya 300 bar ili ndi 7 ndipo dzenje lake n'lozama. Regulator ya 300 bar imalowa m'ziwiri zonse. Pa valavu ya 232 bar mazinga ena amatsala panja, musadandaule nawo. Koma regulator ya mazinga 5 siifika pansi pa valavu ya 300 bar, mpweya umangotuluka. Anachita dala kuti chida chofooka chisalandire mpweya woposa mphamvu yake.

Tsono masilinda obwereketsa ambiri ndi a aluminiyamu, a malita 11 ndi 207 bar, ndipo ambiri amaoneka ngati a yoke. Suzumirani pakamwa pa valavu. Mukaona kabowo ka makona asanu ndi limodzi, pali kachitsulo kotchedwa insert. Valavu ili yotseka, kamasuleni ndi Allen key, nthawi zambiri ya 8 mm, ndipo mupeza mazinga a DIN. Kakagwira dzimbiri musalimbane nako, mungawononge valavu ya eni ake. Apa ndi pamene adapter imagwira ntchito. Kuipa kwake, regulator imasendera kufupi ndi nkhongo, mukadzutsa mutu mumagunda, ndiye tsitsani silinda pang'ono pa BCD, jekete imene mumamangirirapo silinda. Dziwaninso kuti ndi adapter mwabwerera ku kalabala kapoyera ndi malire a 232 bar.

Pomanga, mtundu uliwonse, zala zokha n'zokwanira. Chimene chimatseka ndi kalabala kokankhidwa ndi mpweya, osati mphamvu ya dzanja. Yang'anani kaye ngati kali ndi ming'alu kapena mchenga, tsegulani valavu pang'onopang'ono geji itayang'ana kumbali, n'kumvetsera. Pomasula, tsekani valavu, dinani batani la purge, lotulutsira mpweya wotsala mu regulator, mpaka geji ifike pa ziro. Regulator ikakana kumasuka, ndiye kuti mpweya udakalimo. Pukutani chivindikiro cha pamlomo wa regulator chiume musanachibwezere, pakuti dontho la madzi amchere a ku Sodwana likalowa m'kati limadya zitsulo. Timalabala tapadera musasiye: ka saizi 014 ndi kofala pa valavu ya yoke, 111 kapena 112 pa DIN.

Mukadzafuna kugula silinda yanuyanu, samalani ndi mazinga ena, a pakhosi pamene valavu imalowa m'silinda. Alipo a M25x2 ndi a 3/4 NPSM. Valavu ya M25x2 imatha kulowa m'khosi la 3/4 NPSM n'kuoneka ngati yagwira, koma podzaza mpweya imafwamphuka ngati chipolopolo. Anthu avulala ndi kufa nazo zimenezi. Werengani zimene zadindidwa paphewa la silinda ndi pa valavu, ndipo womanga akhale katswiri wokonza masilinda.